Maliro a Gatsby: odya sanabwere, opha sanafunsidwe

Mamotoka atatu cabe ndiwo anapita ku manda tsiku limenelo, mvula ili kugwa. Patsogolo panali motoka ya bokosi. Pambuyo pake panali ya atate a malemu, m'busa wa chalichi ca Lutheran ndi mnansi mmodzi. Yacitatu inanyamula anchito a panyumba anai kapena asanu pamodzi ndi munthu wopereka makalata. Pa manda peni-peni panafika winanso mmodzi wovala mandala aakulu, amene ngakhale dzina lake silidziwika. Asananyamuke panyumba, mnansi uja anapempha m'busa kuti ayembekeze theka la ola, kuti mwina anthu abwera. Kunalibe amene anabwera.

Kuno kwathu, munthu angasauke motani, angakhale wolongolola motani, pa maliro ake anthu agona panja, amai aphika, amuna akumba manda. Maliro opanda anthu tiwamva ngati temberero. Tsono malemu amene tikamba pano sanali wosauka kapena woumira. Nyengo yonse yotentha ya caka cimeneco anali kudyetsa anthu mazana-mazana m'nyumba mwake kumapeto a sabata iliyonse, oitanidwa ndi osaitanidwa omwe, cakudya, mowa ndi oimba zonse zaulere. Onse aja anadya napukuta pakamwa. Mmodzi wa iwo, amene anagona m'nyumbamo masabata ambiri osalipira kanthu, anatuma foni masiku a maliro. Sanali kupepesa ai. Anali kupempha kuti amutumizire nsapato zake zosewerera tenisi zimene anaiwala.

Munthuyu ndi Jay Gatsby. Sanakhaleko m'thupi, ndi munthu wa m'buku la nthano lochedwa The Great Gatsby, limene analemba F. Scott Fitzgerald wa ku America, ndipo linatuluka ku New York pa 10 April 1925. Nkhani yake icitika mu 1922. Ndi kabuku kakang'ono, mitu 9 cabe, koma ku America ana a sukulu za sekondale ambiri amakawerenga, ndipo kapangidwa mafilimu kangapo, monga mu 1974 ndi mu 2013. Ife tinakumana nako koyamba tili anyamata ku seminale yaing'ono, m'kalasi la Cingerezi, ndipo phunziro limene tinatolapo linali lapafupi: ndalama zobwera mofulumira ndi m'njira zokhota zithera ku manda opanda anthu. Tinalemba tero pa mayeso ndipo tinakhoza. Tawerenganso bukuli mutu utayamba imvi, ndipo tiona kuti yankho lija, ngakhale silinali labodza, linali lochipa. Lisiya anthu awiri amene ali ndi mlandu waukulu koposa akuyenda mfulu, pamene ife tonse tili kuloza cala mtembo.

Tiyambe ndi kumene Gatsby anacokera, pakuti apa ndi pamene nkhaniyi ikhudza inu alimi. Dzina lake lobadwa nalo linali James Gatz, mwana wa alimi osauka a ku North Dakota, dera la cisanu coopsa kumpoto kwa America. Ali ndi zaka 17 anali kuyendayenda m'mbali mwa nyanja ya Superior, kugwira nsomba ndi maganyu ena kuti apeze cakudya. Anayesako koleji ina yaing'ono ku Minnesota, kumene anali kulipirira maphunziro ake posesa ndi kukolopa, koma anacokako patapita masabata awiri, manyazi atamugwira. Tsiku lina anaona bwato lalikulu la munthu wolemera, Dan Cody, amene anapeza cuma cake m'migodi, makamaka ya mkuwa. Anabwereka kabwato napita kukamucenjeza kuti mphepo ingamuswere bwato lakelo, ndipo pamene anafunsidwa dzina anati ndi Jay Gatsby. Dzina la atate ake analisiya pa gombe pomwepo. Anatumikira Cody zaka zisanu. Cody pomwalira anamusiyira madola 25,000, koma mkazi wina wocenjera ndi za malamulo anatenga zonse.

Amene anawerenga bukuli mu 1925 anali kudziwa bwino moyo umene mnyamata wotere anali kuthawa. Kalembera wa mu 1920 ndiye anaonetsa koyamba kuti anthu a ku America okhala m'matauni aposa okhala kumidzi. Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse alimi analimbikitsidwa kulima kwambiri, ndipo ambiri anatenga ngongole kuti agule minda ndi makina. Nkhondo itatha, pakati pa 1919 ndi 1921, mtengo wa tirigu unagwa pafupi-fupi ndi theka, wa cimanga unagwa kuposa apo, ngongole zili pomwepo. Zaka zimene mabuku a mbiri azikumbuka ngati za kuvina ndi cisangalalo ku New York, kwa alimi ambiri zinali zaka za kulandidwa minda. Sitifunika kukuuzani inu mmene cimawawira kugulitsa thumba pa mtengo wosabweza ngakhale ya feteleza. Conco ife sitimuimba mlandu James Gatz cifukwa cofuna kucoka mu umphawi. Amene alalikira kuti wosauka akhutire ndi usiwa wake, kawiri-kawiri amakhala kuti iwo adya kale.

Mu 1917, ali msilikali wa udindo pa kampu ya pafupi ndi mzinda wa Louisville, anakumana ndi Daisy Fay, mtsikana wa zaka 18 wa m'banja lolemera. Yunifomu inabisa umphawi wake, ndipo iye analola Daisy kukhulupirira kuti nayenso ndi wa m'banja lapamwamba. Anakondana, iye anapita ku nkhondo ku France, Daisy anadikira mpaka anatopa. Mu June 1919 anakwatiwa ndi Tom Buchanan wa ku Chicago, amene anamupatsa mkanda wa ngale wa madola 350,000. Kuti timve kukula kwa ndalama imeneyi, tione Nick Carraway, mnansi uja wa pa maliro, amene ndi msuweni wa Daisy wa patali ndipo ndiye atisimbira nkhani yonse. Iye anali kulipira madola 80 pa mwezi pa kanyumba kake. Mkanda umodzi unali lendi ya Nick ya zaka zoposa 360. Gatsby anaona kuti wagonja pa msika, ndipo anatsimikiza zobwerera ku msika womwewo ali ndi ndalama zokwanira.

Kuyambira mu January 1920 kufikira mu December 1933 lamulo la America linaletsa kupanga ndi kugulitsa mowa. Ludzu la anthu silinamve lamulo, ndipo amene analimba mtima kugulitsa mobisa analemera usiku umodzi. Gatsby analowa m'gulu la Meyer Wolfsheim, mkulu wa njuga amene bukuli liti ndiye anakonza cinyengo pa mpikisano waukulu wa baseball wa mu 1919 (cinyengo cimeneco cinacitikadi m'mbiri, osewera ena atapatsidwa ndalama kuti agonje dala). Anagula timasitolo ta mankhwala ku New York ndi ku Chicago namagulitsiramo mowa. M'zaka zitatu anapeza ndalama yogulira cinyumba ku West Egg, pa cisumbu ca Long Island, moyang'anizana ndi nyumba ya Tom ndi Daisy ku East Egg, pakati pali madzi. West Egg ndi kwa olemera a dzulo-dzuloli. East Egg ndi kwa amene anabadwira pa cuma. Izi sitibisa ndipo sitikometsera: ndalama za Gatsby zinali zauve.

Fitzgerald sakonda kulalikira. Aika zinthu pamaso pathu kuti tione tokha. Lacisanu lililonse mabokosi a malalanje ndi mandimu anali kufika kucokera ku New York, ndipo Lolemba anali kutuluka pa khomo la kumbuyo ali makoko okha-okha. Ndi mmenenso alendo anamucitira mwini nyumba. M'cipinda ca mabuku munali mabuku eni-eni okwera mtengo, koma masamba ake anali osadula. Masiku amenewo mabuku ena anali kubwera masamba ali olumikizana, wowerenga n'kumadula yekha, conco awa palibe anawawerengapo. Cikome-kome ca mkuyu. Mwini phwando sanali kumwa mowa, ndipo ambiri a alendo ake sanali kumudziwa ngakhale nkhope. Maphwando onse aja anali nyambo: anali kuyembekeza kuti tsiku lina Daisy adzalowa pakati pa khamulo. Usiku anthu atagona anali kuima pa kapinga natambasula manja kuloza ku kanyali kobiriwira kamene kanali kuyaka pa doko la a Buchanan tsidya lina.

Za kanyali aka anthu ophunzira alemba zambiri. Ena ati ndi ciyembekezo, ena akumbutsa kuti ndalama ya pepala ya ku America ndi yobiriwira. Mlimi angakamve mwa njira yake: cimanga cobiriwira ca mu January cisangalatsa maso, koma sicinalowe m'nkhokwe, ndipo ici cinali m'munda wa mwini. Nyaliyo inali pa doko la Tom. Pamene Nick anathandiza kuti awiriwo akumanenso, Gatsby anayendetsa Daisy m'zipinda zonse za nyumba yake, namuponyera patsogolo milu ya malaya okwera mtengo ocokera ku England mpaka mkaziyo analira. Koma Nick anaona kuti tsiku lomwelo kanyali kaja kanabwerera kukhala nyali wamba. Maloto a zaka zisanu anali atakula kuposa mkazi weni-weni amene anaima pafupi naye.

Apa ndi pamene ife tisiyana ndi yankho lathu la pa mayeso. Tonse tifunsa kumene Gatsby anatenga ndalama zake. Alendo ake anali kunong'onezana, mowa wake uli m'manja, kuti anapha munthu, kuti anali kazitape wa Germany. Tom anacita kufufuza ndithu. Koma m'buku lonse palibe afunsa kumene a Buchanan anatenga zao. Tom sagwira nchito iliyonse. Anabadwa napeza cuma, anachuka ndi mpira ku yunivesite ya Yale, ndipo ali ndi zaka 30 cimene adziwa ndi kukwera mahachi amasewera amene anabwera nao kucokera ku Lake Forest. Bukuli silinena kuti makolo a Tom anaba. Cimene tiona n'cakuti funsolo silifunsidwa n'komwe. Ndalama ikakalamba, anthu aleka kuinunkhiza.

Nanga munthu wolemekezekayu ndi wotani? Pa cakudya coyamba ndi Nick, Tom alankhula mwaukali za buku limene anawerenga, lonena kuti azungu akapanda kucenjera adzamizidwa ndi mitundu ina. Fitzgerald sanazipeke izi. Mu 1920 Lothrop Stoddard anatulutsa buku la maganizo otere limene linawerengedwa kwambiri, ndipo mu 1924 America inakhazikitsa lamulo locepetsa kwambiri alendo ocokera kum'mwera ndi kum'mawa kwa Ulaya ndi kutsekera kunja a ku Asia. Ife a mu Africa, amene makolo athu pa nthawiyo anali pansi pa atsamunda, sitifunika wotimasulira munthu wotereyu. Tom yemweyu, amene pambuyo pake adzadandaula kuti anthu sakulemekezanso ukwati ndi banja, ali ndi mkazi wam'mbali, Myrtle Wilson, amene amusungira nyumba ku New York. Tsiku lina pamene Myrtle anachula dzina la Daisy mobwereza-bwereza, Tom anamuthyola mphuno ndi dzanja, pamaso pa alendo.

Myrtle ndi mwamuna wake George akhala pakati pa njira yocokera ku West Egg kupita ku New York, pa malo amene bukuli liwachula cigwa ca phulusa. Malowa analikodi, ku Corona m'dera la Queens, kumene anali kutaya phulusa la malasha ndi zinyalala za mzinda, mpaka pamene anawasalaza pokonzekera cionetsero cacikulu ca mu 1939. Olemera adutsa pomwepo tsiku ndi tsiku pa sitima ndi pa motoka. Moto umene uothedwa m'nyumba za ena, phulusa lake lithera pakhomo pa Wilson. George ali ndi kagalaji kosowa makasitomala, ndipo ciyembekezo cake conse cili pa motoka imene Tom analonjeza kumugulitsa kuti iye akagulitsenso n'kupezapo kaphindu. Tom angomuzengereza, ndipo tiona ngati lonjezo limenelo ndilo cifukwa cake coimira pa galajipo kuti apangane ndi mkazi wa mwini. Amene munamva nkhani ya mneneri Natani ndi mfumu Davide, ya wolemera wa nkhosa zambiri amene analanda kankhosa kamodzi ka mmphawi, mwaizindikira kale. Cosiyana n'cakuti m'buku ili mulibe Natani.

Tsiku lina lotentha koopsa onse anapita ku New York, ndipo anasinthana mamotoka. Tom anayendetsa motoka yacikasu ya Gatsby, naima pa galaji ya Wilson kuthira petulo, Myrtle ali kuona pa zenera. Mu hotela ya Plaza zonse zinaululika. Gatsby anafuna kuti Daisy anene pamaso pa mwamuna wake kuti sanamukondepo n'kamodzi komwe. Daisy analephera, pakuti sicinali coona. Tom anaulula za mowa ndi za Wolfsheim, ndipo Daisy anacita mantha nabwerera m'cigoba cake ngati fulu. Pobwerera madzulo, Daisy ndiye anali kuyendetsa motoka yacikasu ija, Gatsby ali pambali. Myrtle, amene mwamuna wake anali atamutsekera m'nyumba atazindikira kuti ali ndi cibwenzi, anathamangira pa mseu poganiza kuti ndi Tom. Anagundidwa nafera pomwepo. Motoka sinaime.

Usiku umenewo Gatsby anaima mumdima kunja kwa nyumba ya a Buchanan, kulonda kuti Tom angamenye Daisy, atatsimikiza kale kuti adzanena kuti anali kuyendetsa ndi iye. Nick anasuzumira pa zenera naona Tom ndi Daisy atakhala pa thebulo m'khichini, nkhuku yozizira ndi mabotolo awiri pakati pao, ali kukambirana ngati anthu opangana cinthu. Kwa ife ici ndico cithunzi coopsa koposa m'buku lonse, kuposa ca mtembo pa mseu. Tsiku lotsatira George Wilson anafika kwa Tom, mfuti ili m'thumba, ndipo Tom anamuuza mwini motoka yacikasu. Wilson anapeza Gatsby ali m'dziwe lake losambiramo, namuombera, nadziombera yekha. Pamene Nick anatuma foni kwa Daisy, anauzidwa kuti iye ndi Tom anyamula katundu napita, osasiya keyala.

Tiyeni tiwerenge mitembo. Myrtle, George, Gatsby: atatu, onse a pansi, onse oyesa m'njira zao, zabwino kapena zoipa, kutuluka m'phulusa. Mwa obadwira pa cuma palibe ngakhale amene anakandika. Pa bwalo lofufuza za imfazi, m'bale wake wa Myrtle analumbira kuti malemuwo anali okondwa ndi mwamuna wao, Wilson anachedwa wopenga ndi cisoni, ndipo mlandu unatsekedwa. Tikangonena kuti Gatsby anafa cifukwa ca ndalama zauve, tanama pang'ono. Wolfsheim, mwini malonda auvewo, ali moyo kumapeto kwa buku, ndipo nayenso anakana kubwera ku maliro. Gatsby sanaphedwere mowa. Anaphedwa cifukwa cosenza mlandu wa mkazi wolemera, ndi cifukwa ca cala ca mwamuna wolemera cimene cinamuloza.

Pamwamba pa cigwa ca phulusa pali cikwangwani cakale ca dokotala wa maso, T. J. Eckleburg: maso awiri aakulu abuluu m'mandala acikasu, opanda nkhope, utoto utafwifwa ndi dzuwa ndi mvula. Usiku wa imfa ya Myrtle, George anayang'ana maso amenewo nayamba kukamba za Mulungu amene sangapusitsidwe, ndipo mnansi wake Michaelis, Mgriki wa kasitolo ka khofi, anamukumbutsa kuti cimeneco ndi cikwangwani ca malonda cabe. Ambiri amamva kuti wolemba afuna kunena kuti m'dziko limenelo malonda analowa m'malo mwa Mulungu. Kapena n'zoona. Koma ife cimene citigwira mtima ndi funso limene Michaelis anafunsa usiku womwewo: kodi George ali ndi chalichi ciliconse kumene angatume uthenga kuti wansembe abwere adzakambe naye? Analibe. Bwenzi analibenso. Michaelis anacezera naye mpaka kuca, napita kukagona maola anai, ndipo pobwera anapeza wapita. Munthu wofedwa, wopanda m'bale, wopanda mpingo, anatuluka ndi mfuti kukafuna womuuza wolakwa, ndipo amene anamupeza ndi Tom. Mwambo wathu wogona pa nyumba ya maliro, umene ena masiku ano auona ngati kutaya nthawi, uli ndi nchito yake.

Wina adzati: mwamuumira mtima Daisy. Mkazi wa nthawi imeneyo, ngakhale wolemera, analibe njira zambiri. Akazi a ku America anali atangolandira ufulu wovota m'dziko lonse mu 1920. Mwamuna wake anayamba cigololo miyezi yoyamba ya ukwati, ndipo tsiku limene Daisy anabala mwana wao wamkazi, Tom sanadziwike kumene anali. Ndiponso tsiku loti mawa ukwati, Daisy analedzera, kalata ili m'manja, nafuna kubweza mkanda uja, koma anamusambitsa m'madzi ozizira namuveka bwino kuti mwambo upitirire. Zonsezi n'zoona, ndipo timumvera cisoni kufikira pa mseu paja. Kuyambira pamenepo anali ndi cinthu cimodzi cimene akanatha kucita popanda cilolezo ca munthu aliyense: kuvomera kuti ndiye anali kuyendetsa. Sanavomere. Ku maliro sanatumize uthenga, ngakhale duwa limodzi.

Nick nayenso sitimumasula, ngakhale adziyesa mmodzi wa anthu ocepa oona mtima. Ndiye anapereka nyumba yake kuti mkazi wa mwini akumanireko ndi Gatsby. Anali kudziwa amene anayendetsa motoka ndipo anasunga m'mimba. Mu October anakumana ndi Tom pa mseu wa Fifth Avenue. Tom anavomera kuti ndiye analozera Wilson, akali kunena kuti Gatsby ndiye anagunda Myrtle ndipo analandira zomuyenera. Nick sanaulule coonadi, anapereka dzanja, Tom nalowa m'sitolo ya mikanda yamtengo wapatali. Natani amene akanakhalapo ndi ameneyu. Anaika maliro mokhulupirika, inde, ndipo pa ico timuyamika. Koma kuyendetsa maliro n'kwapafupi poyerekeza ndi kuima pa bwalo n'kuchula dzina la munthu wa ndalama amene ndi m'bale wako.

Fitzgerald anali kulemba za bala lake. Anabadwa mu 1896 ku St. Paul, Minnesota, m'banja la Cikatolika limene atate ake malonda anawakanika. Anaphunzira pakati pa ana a olemera ku Princeton, nakonda Ginevra King, mwana wa munthu wacuma wa ku Chicago, amene anakwatiwa ndi wacuma mnzake. Zelda Sayre nayenso anathetsa citomero mu 1919 poona kuti mnyamatayo alibe ndalama, nabwerera pamene buku lake loyamba linalandiridwa. Anakwatirana mu April 1920. Conco cuma anali kucikhumbira ndi kucida pa nthawi imodzi, ndipo mphamvu ya bukuli ili poti sabisa ciliconse ca ziwirizi. The Great Gatsby silinagulidwe kwambiri iye ali moyo, makope osakwana 25,000. Anamwalira pa 21 December 1940 ku Hollywood ali ndi zaka 44, mowa utamudya, akudziona ngati wolephera. Bukuli linadzuka pamene makope 155,000 anasindikizidwa mu 1945 kuti agawidwe kwa asilikali a America. Akulu a Mpingo anakana kumuika m'manda a Akatolika kumene kunagona makolo ake ku Rockville, Maryland, popeza anali atasiya cipembedzo. Mu 1975 ndi pamene analola, ndipo mafupa ake ndi a Zelda anasamutsidwira ku manda a St. Mary's. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndipo ife a Mpingo tili ndi zokamba pa iyo.

Nanga Gatsby colakwa cake ceni-ceni n'ciani, ngati si kufuna cuma? Cina tacikhudza kale: anatenga munthu wamoyo, wokhala ndi mwamuna ndi mwana, namusandutsa cikho ca mpikisano. Pamene anaona kamwana ka Daisy anadabwa ngati sanakhulupirirepo kuti kaliko. Nick anamucenjeza kuti zakale sizibwerera, iye anakana kwamtu wagalu. Akulu anati madzi akatayika saoleka. Iye anaganiza kuti ndi ndalama zokwanira aoleka. Koma cimene citipweteka koposa ife ndi cimene anacitira atate ake. Pofotokozera Nick mbiri yake m'motoka, anati ndi mwana wa anthu olemera amene onse anamwalira. Anapha ndi pakamwa munthu amene anali moyo, cifukwa mlimi wosauka sakanakwana m'nkhani imene anali kugulitsa kwa a ku East Egg. Ndipo a ku East Egg sanaigule n'komwe. Tom anamuseka cifukwa ca suti yake ya pinki. Anakana atate kuti agule khomo limene silinatsegulidwe.

Atate aja, a Henry Gatz, anamva za imfa ya mwana wao m'nyuzipepala ya ku Chicago, nanyamuka ku kamzinda ka ku Minnesota, nafika atavala cijasi cochipa, manja ali kunjenjemera. Sanabwere ndi madandaulo. Anayendayenda m'zipinda zija ndi cisoni cosakanikirana ndi kunyada. M'cikwama mwao munali cithunzi ca nyumba yomweyo cimene mwana wao anawatumizira, cothimbirira ndi kugwiragwira poonetsa anthu, ndipo Nick anaona kuti cithunzico cinali ceni-ceni kwa iwo kuposa nyumba imene anaimamo. Anasimbanso kuti zaka ziwiri zapitazo Jimmy anabwera kudzawaona nawagulira nyumba imene akhalamo. Tisamunamizire Gatsby: ndalama anapereka. Ambiri a ife tidziwa nyumba zamalata kumudzi zomangidwa ndi ana amene m'tauni sachula dzina la mudzi wao, ndipo makolo sanaitanidwepo kudzaona kumene anawo agona. A Gatz anaponda m'nyumba ya ku West Egg mwana wao ali mtembo.

Kenaka anatulutsa kabuku kakale ka nthano ya Hopalong Cassidy kamene Jimmy anali nako ali mwana. Pa tsamba lakumapeto mnyamatayo analembapo ndandanda ya tsiku lake, deti lake 12 September 1906: ola lodzuka m'mamawa, nthawi yolimbitsa thupi, yophunzira za magetsi, yogwira nchito, yoyeseza kulankhula bwino pagulu. Pansi pake panali zimene anadzilonjeza, monga kuleka fodya, kuwerenga cina cake cothandiza sabata iliyonse, ndi kusunga madola asanu pa sabata, amene anawafafaniza n'kulembapo atatu. Lonjezo lothera linali lokhudza makolo ake, kuti aziwacitira bwinoko. Mdalayo anawerenga mzere uliwonse mokweza, osafuna kutseka kabukuko, akuyang'ana Nick ngati ayembekeza kuti akopere ndandandayo kuti imuthandize nayenso. Zoti mwana wao anawachula akufa, bukuli silionetsa kuti Nick anawauza. Itakwana nthawi ya mwambo, anchito ali ciimire m'khonde, a Gatz anayamba kuphethira-phethira ndi nkhawa, namakamba za mvula.